Tirigu ndi Namsongole: Mbiri ya Kulimbana ndi Phokoso m'Mafunde a Wailesi ndi m'Zithunzi

Pa 12 Disembala 1901, pa chitunda cha Signal Hill chimene chimayang'ana nyanja pafupi ndi mzinda wa St John's ku Newfoundland, mnyamata wa ku Italy, Guglielmo Marconi, wa zaka 27 zokha, anakweza waya m'mwamba ndi kaiti pakati pa chimphepo, naika chomvera kukhutu, nadikira chizindikiro chimene anapangana ndi anzake amene anawasiya ku Poldhu, m'dziko la England, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, mtunda woposa makilomita 3,000. Chizindikirocho chinali chaching'ono koposa, ndicho timadontho titatu ta chilembo cha S m'kalembedwe ka Morse, ndipo Marconi anachitira umboni kuti anatimva. Dziko linamutama, ndipo linachita bwino, pakuti posakhalitsa mauthenga anayambadi kuwoloka nyanjayo mosakayikitsa. Koma kufikira lero alipo akatswiri amene amakayika za tsiku loyambalo, poti panalibe makina olemba zimene zinamveka, panalibenso mboni ina koma iye ndi womuthandiza wake, ndipo mlengalenga mumadzala nthawi zonse kuthetheka kwa ziphaliwali zakutali, kumene khutu la munthu woyembekeza ndi mtima wonse lingathe kukusandutsa timadontho titatu. Mlandu umenewo tiusiyire eni ake. Chotikhudza ife ndi funso limene linabadwa pachitundapo, limene lasautsa mainjiniya kwa zaka zoposa 120: wolandira uthenga, kaya ndi mawu kaya ndi chithunzi, adziwa bwanji kuti chimene chafika kwa iye ndicho chinachoka kwa wotumiza, osati chimene njira yawonjezapo, kapena chimene mtima wake womwe wafuna kuona?

Anthu a ntchitoyi amatcha phokoso chilichonse chimene chalowerera mu uthenga osaitanidwa, chingakhale chosamveka ndi khutu: kusokosera kwa wailesi ndi phokoso, ndipo mawangamawanga amene amadzaza chithunzi chojambulidwa usiku ndi phokosonso. M'zaka zoyamba ambiri ankayesa kuti limeneli ndi chilema cha zipangizo zopangidwa mosasamala, ndi kuti mmisiri waluso, pokhala ndi waya wabwino ndi dzanja losanjenjemera, adzalithetsa ndithu. Chiyembekezo chimenecho chinafa pang'onopang'ono. Mu 1918 Walter Schottky wa ku Germany anasonyeza kuti magetsi ndi khamu la maelekitironi amene amafika lina pambuyo pa linzake pa nthawi zosapanganika, kotero kuti mphamvu yake imagwedera ngakhale chipangizocho chikhale changwiro. Mu 1928 amuna awiri obadwira ku Sweden, John B. Johnson ndi Harry Nyquist, amene ankafufuza pansi pa kampani yaikulu ya lamya ya ku America, AT&T, anafalitsa china choposa pamenepo: Johnson anayeza, Nyquist nalongosola ndi masamu, kuti waya aliyense, angakhale wosalumikizidwa ku batire, amatulutsa kaphokoso kake chifukwa cha kutentha kokha, pakuti kutentha ndiko kunjenjemera kwa tizigawo ta chinthu, ndipo kunjenjemerako kukanaleka pokhapokha chinthucho chitazizira kufika madigiri 273 pansi pa ziro, malire amene palibe anafikapo. Kuyambira pamenepo anzeru anavomera kuti phokoso ndi cholowa cha zolengedwa zonse, ndi kuti sadzalichotsa padziko, angofunika kupeza nzeru yolipambana.

Akuluakulu athu amene anatchera khutu ku wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950, pa tiwailesi tija tozungulira ta batire totchedwa Saucepan Special timene tinayamba kugulitsidwa mu 1949, amakumbukira mmene mawu a woulutsa Chinyanja ankabwerera ndi kuzimirira m'kati mwa mkokomo, makamaka m'dzinja pamene mphezi zili pantchito. Mdani yemweyo ndiye amene Karl Jansky, injiniya wa ku Bell Laboratories, anatumidwa kukamusaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, popeza ankasokoneza lamya yopanda waya yowoloka nyanja. Jansky anamanga eriyo yaikulu ku Holmdel, m'chigawo cha New Jersey, naikhazika pa matayala a galimoto kuti izizungulira, ndipo atamvetsera kwa miyezi yambiri anagawa phokosolo patatu: la mabingu apafupi, la mabingu akutali, ndi lina lachitatu, lofooka ndi losalekeza, limene gwero lake silinadziwike. Munthu wina akanalitaya lachitatuli m'gulu la zosafunika. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Jansky anazindikira kuti limakula ndi kuchepa pa maola 23 ndi mphindi 56 zilizonse, umene uli muyeso wa tsiku la nyenyezi, osati la dzuwa. Mu 1933 analengeza kuti likuchokera pakati pa Mlalang'amba. Munthu amene anatumidwa kukasesa zinyalala za m'lamya anatsegulira dziko njira yatsopano yomvetsera zakumwamba, ndipo nkhani yakeyi tiisunge, pakuti tidzaifunanso.

Tsopano tifike pa amuna awiri amene anagawa mbiri yonseyi m'njira ziwiri. Woyamba ndi Claude Shannon, wa ku Bell Laboratories komweko, amene mu 1948, ali ndi zaka 32, anafalitsa kafukufuku amene anasintha maganizo a aliyense wogwira ntchito yotumiza mauthenga. Iye asanalankhule, chikhulupiriro cha onse chinali chakuti wofuna kuchepetsa zolakwika ayenera kufuula kwambiri kapena kulankhula pang'onopang'ono, ndi kuti uthenga wopanda cholakwa chilichonse ungatheke kokha kwa munthu wololera kuchedwa kosatha. Shannon anayamba ndi kunena kuti uthenga uliwonse, kaya kalata, nyimbo kapena chithunzi, ungasandutsidwe mndandanda wa mayankho a inde ndi ayi, amene timawalemba 1 ndi 0 ndi kuwatcha mabiti. Napitiriza kusonyeza kuti njira iliyonse yotumizira ili ndi malire ake a mabiti amene ingasenze pa sekondi, ndi kuti malirewo amadalira zinthu ziwiri zokha, kukula kwa mpata wa mafunde umene wapatsidwa, ndi mmene mphamvu ya uthenga ikuposera mphamvu ya phokoso. Chodabwitsa chinadza pamapeto: kuti aliyense wotumiza mosapyola malirewo angathe kuchepetsa zolakwika kufikira pamene iye mwini afuna, phokoso lili pomwepo, malinga atauluka uthenga wake mwanzeru asanautumize, koma wopyola malirewo palibe nzeru imene ingamupulumutse. Shannon anatsimikiza kuti malukidwe otero alipo, koma sanawasonyeze, ndipo anasiyira mibadwo iwiri ya akatswiri ntchito yowafunafuna.

Wachiwiri ndi Norbert Wiener wa ku MIT, amene pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapatsidwa vuto la mizinga yowombera ndege: kuchokera pa zizindikiro za radar zodzala phokoso, kulosera pamene ndege idzakhale chipolopolo chikamafika. Lipoti lake la 1942 linali lachinsinsi poyamba, lisanafalitsidwe poyera mu 1949, ndipo ku Soviet Union Andrey Kolmogorov anali atafika payekha pa maganizo ofanana mu 1941. Funso la Wiener linali losiyana ndi la Shannon m'chinthu chimodzi chachikulu, chimene ine ndichiyesa mutu wa nkhani yonseyi. Kwa Shannon wotumiza ndi wolandira ali pa pangano: agwirizana kale za malukidwe, ndipo wolandira ali ndi choyesera chomuuza ngati uthenga wafika wathunthu. Kwa Wiener wolandira ali yekha, pakuti woyendetsa ndege ya adani sapangana ndi womuwombera, monganso phiri kapena mapapo a wodwala sapangana ndi wowajambula. Chimene angachite n'kulingalira, potsamira pa zimene akudziwa kale za makhalidwe a uthenga ndi a phokoso, kuti chimene chinalipo chiyenera kuti chinali chotani. Ntchito ya netiweki yopanda waya inatsata njira ya Shannon. Ntchito yoyeretsa zithunzi inatsata ya Wiener.

Njira ya Shannon inayamba ndi mkwiyo wa munthu mmodzi. Richard Hamming ankasiyira ntchito zake makina owerengera Lachisanu madzulo, ndipo pobwera Lolemba ankapeza kuti makinawo anaona cholakwa, nataya ntchito yonse. Ndipo anadzifunsa kuti, ngati makina angadziwe kuti palakwika, aletsedwa ndi chiyani kudziwa pamene palakwika ndi kukonzapo? Njira yachibwana ndi kunena biti iliyonse katatu, kuti ziwiri zogwirizana zipambane imodzi yosokera, koma potero magawo awiri mwa atatu a njira amathera pa kubwereza. Hamming, m'zimene anafalitsa mu 1950, anasonyeza kuti pa mabiti anayi a uthenga kuwonjezapo atatu okha, osankhidwa mwa masamu, n'kokwanira kuloza ndi kukonza biti iliyonse imodzi imene yatembenuka panjira. Ena ambiri anatsatira, koma kwa zaka zoposa makumi anayi malire a Shannon anakhalabe patali, kotero kuti akatswiri ambiri anayamba kuganiza kuti sadzafikidwa ndi makina alionse otheka kumangidwa. Mu 1993, pa msonkhano wa ku Geneva, Claude Berrou, Alain Glavieux ndi Punya Thitimajshima, ochokera kusukulu ya mainjiniya ya ku Brest ku France, anabwera ndi malukidwe otchedwa turbo, m'mene omasulira awiri amauyang'ana uthenga umodzi, aliyense kumbali yake, napatsirana zimene akuganiza mobwerezabwereza kufikira atagwirizana. Ndipo zotsatira zawo zinayandikira malire a Shannon kotero kuti ambiri anayesa kuti alakwitsa poyeza, kufikira ena atabwereza ntchitoyo napeza zomwezo. Pambuyo pake David MacKay ndi Radford Neal anafukula malukidwe otchedwa LDPC, amene Robert Gallager anawalemba kale mu 1960 ali wophunzira ku MIT, koma anaiwalika popeza makina a masiku amenewo analibe mphamvu yowasenza. Zoonadi mawu a akulu akoma akagonera. Mu 2009 Erdal Arıkan wa ku yunivesite ya Bilkent ku Ankara anafalitsa malukidwe otchedwa polar, ndipo pamene malamulo a 5G ankakhazikitsidwa mu 2016, a Gallager anasankhidwa kusenza uthenga weniweni, a Arıkan nasankhidwa kusenza malangizo oyendetsera netiweki. Wina asayese kuti izi ndi zosangalatsa akatswiri okha: malukidwe abwino amachititsa kuti foni ilankhule ndi mphamvu yochepa n'kumvekabe, ndiye kuti batire limakhalitsa, ndipo mudzi umene uli kumalekezero a mlongoti umapezabe netiweki.

Koma phokoso lalikulu la foni ya m'manja silichokera ku mabingu kapena ku nyenyezi. Limachokera kwa anansi, pakuti mawu a mnzako olowa m'mafunde ako ndi phokoso kwa iwe. Mpata wa mafunde ndi wowerengeka, n'chifukwa chake maboma amaugawa ndi ziphaso. Mu 1947 Douglas H. Ring wa ku Bell Laboratories analemba maganizo akuti m'malo mwa mlongoti umodzi wamphamvu wofuulira mzinda wonse, mzindawo ugawidwe m'tizigawo, chilichonse ndi mlongoti wake wolankhula motsitsa, kuti mafunde omwewo agwirenso ntchito m'chigawo china chotalikirapo popanda kusokonezana. Ndipo pa maziko amenewo panamangidwa netiweki ya ku Tokyo mu 1979 ndi ya GSM imene inayamba ku Finland mu 1991, yomwe inafika kwathu kuno m'zaka zomwezo za m'ma 1990. Ku Hawaii, kumene masukulu a yunivesite anali omwazikana pa zilumba, Norman Abramson mu 1971 anayesa nzeru ina: makina aliwonse atumize pamene afuna, ndipo mauthenga awiri akawombana, onse adikire kanthawi kosapanganika, nayesenso. Masamu anasonyeza kuti motero magawo 18 okha pa 100 a njira ndiwo angagwire ntchito yeniyeni, ndipo Lawrence Roberts anawakweza kufika pafupifupi 37 pongolamula kuti onse aziyamba kutumiza pa nthawi zoikika. Wi-Fi ya lero ndi mdzukulu wa nzeru imeneyo, atawonjezapo mwambo womvetsera kaye usanalankhule. Ndipo m'zaka za m'ma 1990 Arogyaswami Paulraj ndi Thomas Kailath ku Stanford, ndi Gerard Foschini ku Bell Laboratories, anatembenuza mdani wakale kukhala wantchito: mafunde amene amagunda makoma ndi mapiri nafika mobalalika ankawerengedwa chisokonezo, koma iwo anasonyeza kuti ndi maeriyo angapo kumbali zonse ziwiri, njira zobalalikazo zingasenze mauthenga osiyana nthawi imodzi pa mafunde amodzimodzi. Imeneyo ndiyo MIMO, imene ili m'kati mwa 4G ndi 5G.

M'mbiri imeneyi muli kamzere kathu. Mu 2013 gulu la ku dipatimenti ya fizikisi ku Chancellor College ku Zomba, lotsogozedwa ndi Dr Chomora Mikeka, mothandizana ndi MACRA ndi bungwe la ICTP la ku Trieste ku Italy, linayesa kufikitsa intaneti kusukulu ndi kuchipatala kudzera m'mafunde a wailesi ya kanema amene anali kungokhala opanda wowagwiritsa ntchito, popeza mafunde amenewo amayenda mtunda wautali ndi kupyola mitengo bwino koposa a Wi-Fi. Ndikuitchula ntchitoyi chifukwa m'dziko limene milongoti yambiri yakumidzi imadalira dizilo ndi dzuwa, ndipo wogula amawerenga tambala iliyonse ya bandulo, kafukufuku wa kusawononga mafunde ndi mphamvu ndi wofunika koposa m'maiko amene anamuyamba.

Titembenukire ku njira ya Wiener, imene ili yovutirapo. Ntchito yoyeretsa zithunzi ndi kompyuta inakulira ku Jet Propulsion Laboratory ku Pasadena, ku California, pamene chombo cha Ranger 7 chinatumiza zithunzi zoposa 4,300 za mwezi pa 31 Julayi 1964 chisanadzigwetse pamenepo. Zithunzizo zinadza ndi mizere ya phokoso la magetsi a m'chombo ndi kupotoka kwa kamera, ndipo Robert Nathan ndi anzake anazisandutsa manambala kuti kompyuta izikonze. Chaka chotsatira, mu Julayi 1965, Mariner 4 inadutsa pafupi ndi Mars nitumiza zithunzi 21 zathunthu ndi kachidutswa ka china. Chilichonse chinali mizere 200 ya timadontho 200, kadontho kalikonse nambala ya pakati pa 0 ndi 63 yosonyeza kuwala kwake, ndipo popeza uthenga unkayenda pa mabiti 8 ndi kachigawo pa sekondi, chithunzi chimodzi chinkatenga maola oposa 8 kuti chifike. Mainjiniya ena, polephera kuugwira mtima, anamata mapepala a manambalawo pakhoma nawapaka mitundu ndi manja, kuti aone nkhope ya dziko lina kompyuta isanamalize ntchito yake. Nathan yemweyo pambuyo pake anatembenuzira nzeruzi ku zithunzi za ekisire zachipatala.

Chithunzi chimakhala ndi phokoso chifukwa kuwala nako, monga magetsi a Schottky, kumafika m'tizigawo towerengeka pa nthawi zosapanganika, ndipo kukachepa kugwedera kwake kumaonekera. Mankhwala oyamba ndi osavuta: popeza phokoso limakweza kadontho aka ndi kutsitsa kanzake mosatsata dongosolo, kusakaniza kadontho kalikonse ndi anansi ake kumachititsa kuti zokwera ndi zotsika zifafanizane. Koma apa ndi pamene pagona vuto lonse, pakuti phokoso ndi kusintha kwadzidzidzi pakati pa timadontho toyandikana, ndipo m'mphepete mwa chinthu chilichonse, pamene diso limathera ndi chikope chiyambira, pamene fupa lathyoka, palinso kusintha kwadzidzidzi. Chotero wosakaniza mosasankha amachotsa zonse ziwiri, natsala ndi chithunzi chosalala chimene sichinena kanthu. Mwini munda wa m'fanizo la mu Uthenga Wabwino wa Mateyu analetsa antchito ake kuzula namsongole msanga, poopa kuti angazulire limodzi ndi tirigu. Ndipo zaka makumi asanu za kafukufuku wa zithunzi zathera pa kufuna dzanja lodziwa kusiyanitsa ziwirizo zikali kumera pamodzi. John Tukey m'zaka za m'ma 1970 analangiza kuti m'malo mosakaniza, manambala a anansi aikidwe pamzere kuyambira laling'ono kufikira lalikulu, n'kutenga lapakati, kuti kadontho kamodzi kopenga kasaipitse anzake. Pietro Perona ndi Jitendra Malik mu 1990 anakonza njira yosalaza m'kati mwa zinthu koma yoima ikafika m'mphepete. Leonid Rudin, Stanley Osher ndi Emad Fatemi mu 1992 anadza ndi ina yochepetsa kugwedera konse kwa chithunzi popanda kuletsa kudumpha kwenikweni. Ndipo David Donoho ndi Iain Johnstone ku Stanford mu 1994 anasonyeza kuti chithunzi chikaphwanyidwa m'timafunde tating'ono, uthenga umaunjikana m'manambala ochepa akuluakulu pamene phokoso limamwazika m'ambirimbiri aang'ono, kotero kuti kudula aang'onowo kumachotsa phokoso lochuluka ndi uthenga wochepa.

Nzeru imene ine ndimaikonda koposa inadza mu 2005 kuchokera kwa Antoni Buades, Bartomeu Coll ndi Jean-Michel Morel, amene anafunsa kuti chifukwa chiyani kadontho kayenera kufunsa anansi ake okha, pamene dziko lolengedwali limadzibwereza lokha: njerwa ifanana ndi njerwa, tsamba ndi tsamba, ngakhale zili kumbali zosiyana za chithunzi. Chotero anati tifufuze m'chithunzi chonse tizigamba tofanana ndi kamene tikukonza, tisakanize timeneto. Mu 2007 gulu la ku Tampere ku Finland, la Kostadin Dabov, Alessandro Foi, Vladimir Katkovnik ndi Karen Egiazarian, linakulitsa maganizowa m'njira yotchedwa BM3D, imene inakhala muyeso woyesera zina zonse kwa zaka pafupifupi khumi. Taonani kuti uku ndi kufunafuna m'chilengedwe kubwereza kuja kumene Hamming ankakuika yekha ndi dzanja lake: pamene palibe wotumiza woti apangane naye, wolandira amatsamira pa chizolowezi cha dziko.

Zitatero kunadza makina ophunzira. Mu 2017 Kai Zhang ndi anzake anafalitsa njira yotchedwa DnCNN, m'mene kompyuta imaonetsedwa zithunzi zambirimbiri zoyera pamodzi ndi zomwezo zitadetsedwa, kufikira itaphunzira yokha kuzindikira phokoso. Ndipo mu 2018 Jaakko Lehtinen ndi anzake anasonyeza kuti ingaphunzire ngakhale osaona chithunzi choyera n'chimodzi chomwe, malinga ionetsedwe zodetsedwa ziwiriziwiri za chinthu chimodzi. Foni yojambula usiku lero imatenga zithunzi zingapo mofulumira n'kuziphatikiza, pakuti zithunzi zinayi zimachepetsa phokoso ndi theka, kenaka makina ophunzira namalizitsa. Phindu lalikulu lili kuchipatala. Makina a CT, amene masamu ake anafufuzidwa ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, atakumana ndi vutoli ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1956, ndipo amene Godfrey Hounsfield anawamanga payekha ku England najambula nawo wodwala woyamba mu 1971, ali pansi pa lamulo louma: kuti phokoso lichepe ndi theka, cheza cholowa m'thupi la wodwala chiyenera kuchuluka kanayi. Njira iliyonse yoyeretsa bwino ndiye kuti mwana wojambulidwa alandira cheza chochepa, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha ntchitoyi iyenera ulemu wonse.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina amene aphunzira mmene mapapo abwino amaonekera angathe kuyesa kachotupa kakang'ono phokoso nakachotsa, kapena kujambula mtsempha pamene panalibe, ndipo chithunzicho chidzatuluka chokongola, chopanda chizindikiro chakuti chanama. Mu 2020 gulu la akatswiri a masamu, mmodzi mwa iwo Anders Hansen wa ku Cambridge, linasonyeza kuti njira zina zotere zomangira zithunzi zachipatala zimasokonekera ndi kusintha kochepa kwambiri, ndi kuti zingaphonye tizinthu tating'ono tofunika. Chenjezo linali litamveka kale mu 2013, pamene David Kriesel wa ku Germany anapeza kuti makina ena a Xerox osandutsa mapepala kukhala zithunzi ankasintha manambala pa mapulani a nyumba, chifukwa pofuna kuchepetsa kukula kwa fayilo ankatenga kachigamba kamodzi kuimira tina tofanana nako, kotero kuti 6 ankatuluka 8, woyera ndi wowerengeka bwino lomwe. Chithunzi chodetsedwa chimamuchenjeza mwini wake kuti akayike. Choyeretsedwa molakwa sichimuchenjeza.

Apa tikumbukire Jansky, pakuti ku Holmdel komweko, mu 1964 ndi 1965, Arno Penzias ndi Robert Wilson anavutika ndi kaphokoso kotsalira mu eriyo yawo, kochokera mbali zonse za thambo usana ndi usiku. Anayesa zolumikizira zonse, anachotsa nkhunda zimene zinamanga zisa m'menemo, nakolopa zitosi zake, koma kaphokosoko sikanachoke. Ndipo m'malo mokachotsa pa mawerengero awo mwakachetechete, anakalemba monga anakapezera. Akatswiri a ku Princeton anazindikira kuti ndi kutentha kotsalira kwa chiyambi cha chilengedwe chonse, ndipo Penzias ndi Wilson analandira mphotho ya Nobel mu 1978. Makina ophunzitsidwa kuti thambo lopanda nyenyezi liyenera kukhala chete akanakafafaniza.

Chiweruzo changa ndi ichi: pa mafunde a netiweki, pamene wotumiza ndi wolandira ali pa pangano ndipo uthenga uli ndi choyesera chake, nkhondo yapambanidwa kufikira pafupi ndi malire amene Shannon analemba, ndipo tingakhulupirire zimene zafika, koma pa zithunzi palibe pangano lotero, ndipo chithunzi chilichonse choyeretsedwa ndi umboni wosakanizidwa ndi kulingalira. Makina otere akulowa m'zipatala zathu, m'mabwalo a milandu ndi m'matumba a ana athu. Ndipempha madokotala, oweruza ndi onse ogula makinawa m'dzina la anthu kuti azifunsa ogulitsa chimene makinawo amachotsa ndi zithunzi zimene anaphunzirira, ndi kuti chithunzi choyamba, ndi phokoso lake lonse, chizisungidwa pambali pa choyeretsedwacho, kuti wofuna kuonanso athe kutero.